Tsitsi la anyamata a ku Daegu

A Pyo Deok-man anali wometa tsitsi m'kanjira ka kuseri kwa msika wa kwathu ku Daegu. Masiku amenewo a ulamuliro wa asilikali, apolisi akagwira mnyamata amene tsitsi laphimba makutu, ankamudula chigamba pakati pa mutu ndi sizasi. Mnyamatayo ankalowera kwa a Pyo atazolika kuti akamumalizitse. Ine ndinapitako kawiri. Mpando wawo sunkazizira.

"Boma ndi kholo," ankatero akunola lumo. "Likudziwa mutu woyenera mwana wake."

Mu 1987 anthu atadzaza misewu pochita zionetsero, dziko linalemba malamulo aakulu atsopano. A Pyo anavala suti kukavota, navomereza monga anachitira onse, ndipo nyuzipepala ya malamulowo anaimata pambali pa galasi. Sipanapite nthawi, apolisi anaiwaliratu za tsitsi. Anyamata anayamba kudutsa pakhomo tsitsi likugwera m'mapewa, osacheuka n'komwe.

Tsiku lina a Bong, mphunzitsi wopuma wadazi, anabwera kudzametetsa ndevu.

"Aphunzitsi, pepalali ndaliwerenga katatu," anatero a Pyo. "Ndi pati palembedwa kuti anyamata aziyenda ngati mbuzi?"

"Palibe."

"Ndiye ufuluwo wawapatsa ndani?"

"Inu a Pyo, tsitsi limamera chifukwa cha pepala? Linkamera kale. Pepalali langomanga manja a wapolisi."

"Nanga ine landipatsa chiyani?"

"Ufulu wodandaula mokweza."

Akazi a a Pyo, mayi Ok-bun, anayankhira kuseri komwe ankathira tsabola m'kabichi: "Umenewo sanaupeze m'pepala, aphunzitsi. Anayamba tsiku la ukwati!"

A Pyo analembera boma kalata yaukali, yopempha kuti apolisi ayambirenso ntchito yawo. Analongedza zovala m'kachikwama n'kudikira kumangidwa. Patatha milungu isanu kunabwera yankho laulemu, lowathokoza chifukwa cha maganizo awo. Anakwiya sabata yathunthu.

Mayi Ok-bun ndiwo anapulumutsa banja. Anakaphunzira kupota tsitsi kwa mng'ono wawo, nagula makina owumitsira awiri, ndipo anyamata aja anabwerera, tsopano kudzapotetsa. A Pyo anatsalira ntchito yopatsira mapini ndi kusesa. Anaigwira zaka khumi ndi zinayi, akuuza mutu uliwonse wokhala pampandopo kuti dziko latha. Anamwalira ndi zaka 79, ndipo pamaliro awo panali amuna ambiri atsitsi lopotana bwino.