Disiki ya Zii

Zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inkatikhuthulira anthu ku Nsanje, ntchito yanga inali kulemba othawa kwawo mu kompyuta: dzina, mudzi wochokera, ndi msasa umene atumizidwa. Wosowa m'bale wake ankabwera kwa ine.

Makompyuta analipo awiri, ndipo mkati mwa iliyonse munali disiki, nkhokwe ya zonse zimene tinkalemba. Disiki ya kompyuta yakale inali yaulesi ndi yaphokoso. Ukaifunsa dzina inkakukuta ngati mbuzi yapeza chitsononkho, moti unkatha kukamwa madzi n'kubwerako isanayankhe. Ndinkadana nayo. Yatsopano inkayankha usanachotse chala, ili zii. Abwana atandifunsa kuti mayina tisunge mu iti, sindinaganize kawiri. Yakaleyo tinaifufuta n'kuipereka kwa olemba makalata. Makadi a mapepala amene tinkalembapo mayinawo poyamba tinawaponya m'chipinda chosungira katundu, chiswe n'kuchita nawo phwando.

Poopa fumbi la mu Okutobala, ndinasokera kompyuta yatsopanoyo nsalu yokhuthala yamaluwa, ndipo ndinkaifunditsa ngakhale ikugwira ntchito. Anzanga ankandiseka kuti ndabereka mwana. Panalibe wondiuza kuti makinawo amapumira m'timabowo ta kumbuyo, ndipo kutentha kwa ku Nsanje sikuchita kufotokoza. Lachiwiri lina ndinaiyatsa, osadzuka. Katswiri wa ku Blantyre anati disiki yapsa, za m'katimo tiiwale. Yaphokoso ija inagwirabe ntchito mpaka ine kuchoka pamalopo.

Sabata yomweyo kunafika bambo ena achikulire, atayenda pa bwato kuchokera ku Makhanga. Ankafuna mwana wawo wamkazi amene anasiyana naye powoloka malire. Atatchula dzina ndi mudzi, ndinayang'ana kompyuta yakufa ija. Dzinalo ndinalilemba ndi zala zangazi, ndinkalikumbukira bwinobwino. Msasa wake ndi umene unandithawa m'mutu.

Ndinawauza zoona, kuti mwanayo ali moyo koma sindikudziwa kumene ali.

"Ngakhale pa pepala, mayi? Nkhabe?"

"Nkhabe, baba. Palibe."

Ndinkafuna anditukwane. M'malo mwake anaomba m'manja n'kundithokoza powauza kuti mwana ali moyo, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Anafunsa njira ya ku msasa wapafupi, n'kuuyamba wapansi dzuwa lili paliwombo. Misasa inali mbwee, kuyambira ku Nsanje mpaka kumapiri, ndipo sindinamvenso za iwo.