Rota Anali M'thumba Mwanga

Inu owerenga, amayi anga anasowa chowatengera kuchipatala galimoto ili pakhomo, petulo alimo, matayala onse anayi ali ndi mpweya. Chimene chinasowa tsiku limenelo ndi kachipangizo kochepa ngati chala chachikulu cha kumanja, ndipo kanali m'thumba la buluku langa ine ndili ku Limbe. Sikanagwe, sikanabedwe. Ndinakachotsa ndekha, mwadala. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, koma ndaona kuti ndikapitiriza kuibisa wina adzachita zomwezi.

Ine ndimakhala ku Sadzi, cha kumtunda kumene tala safikako. Matenda anga ndi galimoto. Ena amadwala mpira, ena amadwala mowa, ine chiyambire kupinda galimoto za mawaya ndili mwana, matendawa sanandisiye. Injini ikamadutsa pamsewu ndimatha kukuuzani ndili m'nyumba kuti pulagi imodzi yatopa. Nditayamba ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina m'tauni muno, anzanga ankathamangira galimoto zongofika kumene kuchokera kunja zija, koma ine mtima wanga unali pa zakale, zachitsulo chenicheni, zoti munthu utha kuzimasula ndi sipanala pakhomo pako.

Galimoto yangayi ndinaipeza ku Mulunguzi, kwa mkulu wina wopuma pantchito. Inali pansi pa mtengo wa mapeyala, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Tsiku limene ndinafika nayo ikukokedwa ndi chingwe, mkazi wanga, mayi a Tadala, anaseka mpaka misozi, akuti ndagula khola. Ndinalimbana nayo zaka ziwiri. Ndinasakasaka zipangizo m'magalaja a ku Mbedza, ndinasoketsa mipando, ndinaipentetsa mtundu wobiriwira uja inabadwa nawo. Tsiku limene inalira koyamba ndinavina pabwalo ngati mwana, anthu akundiyang'ana. Ndinaitcha dzina loti Dona, ndipo mayi a Tadala ankangoti mkazi mnzawo. Sankalakwitsa. Loweruka lililonse Dona ankasambitsidwa, kupukutidwa, kupakidwa polishi, pamene denga la khitchini linkadontha chaka chonse.

Vuto lake ndi lakuti kwathu kuno galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Ukangogula, wasanduka ambulansi ya mudzi wonse. Matenda ndi iwe, maliro ndi iwe, chinkhoswe ndi iwe. Poyamba ndinkathandiza ndi mtima wonse. Koma tsiku lina la mvula ndinanyamula anthu ochokera kumanda, ndipo atatsika ndinapeza matope mpaka pamipando, chitseko chakumbuyo chitakalika ndi khasu. Mtima unandipweteka sabata yonse. Kukana pamaso sindikanatha, mukudziwa mmene timakhalira. Munthu wabwera atagwira chipewa m'manja, akuti mwana wadwalika, umuuza bwanji kuti ayi?

Nzeru yake ndinaitenga ku injini komweko. M'galimoto zakale ngati yanga muli kachipangizo kotchedwa rota, kamene kamagawa moto kuti ufike ku mapulagi. Kukachotsa n'kosavuta, kungotsegula boneti, kutukula kachivindikiro, n'kukazula ndi zala. Popanda iko injini imangokhosomola koma siilira, ngakhale mutaikankha kuchokera ku Sadzi mpaka ku Liwonde. Ndiye ndinayamba chizolowezi. Ndikaimika galimoto, rota m'thumba. Munthu akabwera kudzapempha, ndinkathamanga naye limodzi, nkhope ya chisoni, n'kupotokola kiyi iye akuona. Dona ankakhosomola, ine n'kumenya chiwongolero ndi dzanja, n'kupukusa mutu. Munthuyo ankachoka akundipepesa ineyo. Lamlungu likafika, Dona wachira, tikupita kutchalitchi. Anthu mpaka anayamba kuseka kuti galimoto yanga ndi yachifundo, imadwala limodzi ndi odwala. Nanenso ndinkaseka nawo. Chinsinsichi ngakhale mkazi wanga sankachidziwa.

Kumunsi kwa nyumba yathu kumakhala Che Sumani, bambo wachikulire wachisilamu amene ali ndi kagolosale. Asanatsegule golosaleyo anagwira ntchito ya udalaivala zaka zambiri, koma galimoto yawoyawo analibe. Masana ena anafika pakhomo panga akupuma mwawefuwefu. Akazi awo, Abiti Mdala, anali atagwa ndi mtolo wa nkhuni potsika m'phiri, mwendo utathyoka, magazi akutuluka. Ine kungomva za magazi, maganizo anga anathamangira ku mipando yanga. Ndinachita sewero langa lija. Che Sumani anayang'ana boneti kanthawi, kenako anayang'ana ine. Ndiye anavula nsapato n'kuyamba kuikankha. Munthu wamkulu, wa imvi, anakankha galimoto yanga thukuta lili kamukamu, ine ndili pampando ndikunamizira kuponda kilatchi, rota akundibaya pantchafu. Itakana kachitatu anangoti, “Zikomo achimwene, mwayesetsa.” Akazi awo anawatsitsira kumsewu pa wilibala. Mpaka lero Abiti Mdala amayenda motsimphina.

Ndinganame nditati sizinandikhudze. Zinandikhudza madzulo amodzi okha. M'mawa mwake ndinali ndikupukuta magalasi.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi anga akukhala nafe. Tinawatenga kumudzi chifukwa cha matenda othamanga magazi, kuti akhale pafupi ndi chipatala. Anali munthu wanthabwala. Akamakwera Dona ndinkawayalira nyuzipepala kumapazi, ndipo iwo ankati, “Kodi ndivulenso mpango, kapena uwu sudetsa?” Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anandipempha. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yodula paini pamwamba pa phiri, ndipo amayi ankafuna ndidzawakweze kumeneko, akaone damu la Mulunguzi ndi malo amene ankawaperekera chakudya ali mtsikana. Ndinkangoti sabata yamawa. Chifukwa chenicheni chinali chakuti chitunda chija chimatenthetsa injini, ndipo sindinkafuna kumuvutitsa Dona.

Loweruka lina ndinamva kuti ku Limbe kuli munthu amene ali ndi wilikapu, chivindikiro chonyezimira cha patayala, chofanana ndendende ndi chimodzi chimene chinkasowa pa galimoto yanga. Ndinali nditachisaka zaka zitatu. Taonani uchitsiru wake, inu owerenga: munthu wa galimoto ndinakwera minibasi, kuopa kuti Dona angagundidwe m'chipwirikiti cha ku Limbe. Ndisananyamuke ndinazula rota monga mwa masiku onse. Amayi anali pakhonde akusenda nandolo. Anandiuza kuti ndiwagulire buledi wa ku Limbe, ndipo ndinavomera ndikuyenda, osacheuka n'komwe.

Wilikapu ndinamupeza. Ndinali nditangomukulunga m'pepala, ndikumwetulira ndekha pamsewu, pamene foni inalira. Anali mayi a Tadala, akulira. Amayi agwa pakhonde, pakamwa papotoka, sakuyankhula. Anati aitana Che Sumani kuti ayendetse galimoto, awapatsa kiyi wapadera amene ndinkabisa m'kabati. Kenako anandiuza mawu amene mpaka lero amandilira m'khutu.

“Che Sumani sanayese n'komwe kuiliza, angotsegula boneti. Akuti ndikufunseni, kachinthu kaja mwakasiya m'nyumba muno kapena muli nako m'thumba?”

Dzanja langa linapita lokha m'thumba. Kanali momwemo.

“Kachinthu kanji kodi? Bambo a Tadala, yankhulani, amayi akutisiya!”

“Ndili nako kuno,” ndinatero.

Sindikudziwa ngati anamvetsa nthawi yomweyo. Ndinangomva mawu a Che Sumani chapatali akuti tengani bulangete, ndipo foni inaduka.

Zotsatira zake ndinachita kuuzidwa. Masiku amenewo mafuta ankavuta, galimoto zambiri zinali pamizere kumalo omwetsera, ndipo ataimbira a matakisi palibe amene akanafika msanga. Panjinga yamoto sakanawakweza munthu wosatha kukhala tsonga. Ndiye Che Sumani, mkazi wanga ndi amuna awiri apafupi anawagoneka amayi m'bulangete, aliyense kugwira ngodya yake, n'kutsika nawo njira yamiyala ija mpaka kutala. Abiti Mdala ankatsatira m'mbuyo ndi mwendo wawo womwe uja, atanyamula chitenje chowatchingira dzuwa. Kumsewu anadikiranso mpaka lole ina ya mchenga inaima. Ulendo woti Dona akanauyenda mphindi zochepa unawatengera nthawi yoposa ola.

Ine n'kuti ndili m'minibasi imene sinkadzaza. Kondakitala akuitanira anthu mosathamanga, ine wilikapu pamwendo, rota m'manja. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandifunsa ngati kwagwa zovuta, ndipo ine ndinangofumbata rota uja.

Nditafika kuchipatala ndinapeza amayi ali chigonere, maso otseka. Adokotala anachita mbali yawo. Ndinawafunsa ngati zikanasintha akanafika msanga, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti pa matenda amenewa nthawi ndi yofunika, koma sangalumbire. Mawu amenewo ndi amene ndimakhala nawo. Palibe amene angandiuze kuti ndinapha amayi anga, komanso palibe amene angandiuze kuti sindinawaphe. Anakhala masiku atatu osatsegula pakamwa, ndipo tsiku lachinayi m'mawa anatisiya. Buledi uja sindinagule n'komwe.

Pamaliro ndinkayembekeza kuti mudzi wonse undiloza chala, ndipo ndikanavomera. Koma kupatula Che Sumani ndi mkazi wanga, palibe amene ankadziwa. Anthu ankandipepesa kuti galimoto yandikhumudwitsa pa tsiku loipa. Che Sumani anabweretsa nkhuni ndi shuga, anakhala nafe masiku onse a maliro. Patapita sabata ndinatsikira kugolosale kwawo. Ndinaima pakhomo ngati mwana wakuba. Anandipatsa mpando, ndipo ndinawafunsa kuti anadziwa liti.

“Tsiku lomwe lija amayi akunyumbawa anathyoka mwendo,” anatero. “Ine galimoto ndayendetsa inu musanabadwe, achimwene. Injini yopanda moto ndimaimva ndi khutu.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene anaikankhirabe, akudziwa kuti siilira.

“Pabwalo panali anthu. Ndikanatsegula boneti, mukanayenda bwanji m'mudzi muno? Ndinati mwina mukaona mdala akukankha, mtima ukugundani, mubwezeretsa nokha.”

Inu owerenga, ndatukwanidwapo m'moyo mwanga, koma palibe chitukwano chimene chinandilasa ngati ulemu wa bambo ameneyu. Ndinagwada pansi pa simenti ya golosale yawo n'kupepesa, kwa iwo ndi kwa Abiti Mdala. Mayiwo anangoti zapita, ndidzuke anthu angandione. Mkazi wanga ndiye anatenga nthawi. Miyezi ingapo ankandiyankha mawu amodziamodzi, ndipo sindikumuimba mlandu, chifukwa ndi iye amene anagwira ngodya ya bulangete lija.

Ndinaganiza zoigulitsa galimotoyo, mwinanso kuitentha kumene. Che Sumani ndi amene anandiletsa, akuti chitsulo sichinalakwe kanthu. Ndiye Dona alipobe. Ndimamuthirabe oyilo pa nthawi yake, ndimamvetserabe kulira kwake, chifukwa chikondi chimenecho sichinathe ndipo sindichita nacho manyazi. Koma rota sachokanso m'malo mwake, ndipo kiyi wapadera uja amakhala pa msomali m'golosale mwa Che Sumani. Aliyense wa kumtunda kuno amadziwa pamene ali. Mpando wakumbuyo uli ndi banga limene silichoka, la mayi wina amene anachirira m'njira tisanafike kuchipatala. Chitseko chija chakalikanso kawiri.

Anzanga okonda galimoto, sindikukuuzani kuti musiye kuzisamala, kapena kuti muzipereka kiyi kwa aliyense wofuna kukamwera mowa. Ngati simukufuna kubwereketsa, nenani zoona, munthuyo akafune thandizo kwina nthawi ikadalipo. Bodza langa linkadyera anthu nthawi, ndipo tsiku lina linadyera amayi anga. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndinkabisa madzi, koma zanga zitayaka anathamanga ndi yemwe uja ndinamukankhitsa galimoto yopanda moto. Mpando umasokedwanso, penti amapakanso, ndipo ngati pali munthu wachikulire kwanu amene wakhala akukupemphani kaulendo kakang'ono, musamuuze za sabata yamawa.

Mwezi watha ndinakwera phiri lija ndi Dona, ndili ndi mkazi wanga, Che Sumani ndi Abiti Mdala. Tinafika mpaka pa damu la Mulunguzi, tinaima pansi pa mitengo ya paini. Ndinatsika n'kugwira boneti ndi dzanja. Injini sinatenthe n'komwe.