Mbiri ya achimwene inali m'kompyuta yosweka galasi

Ndinadzidzimuka kusanache, khosi lili gwa chifukwa ndinagona chokhala nditatsamira khoma la pa siwa. Amayi a mphakati amene anachezera kuimba anali atatopa, kwatsala awiri okha akung'ung'udza nyimbo yosamveka mawu. Bokosi linali pakati pa chipinda. Ndinaliyang'ana kanthawi ndisanakumbukire kuti m'menemo muli achimwene anga a Lafaelo, ndipo nditakumbukira zimenezo ndinakumbukiranso zimene ndinawalonjeza.

Achimwene anasiya kuona ali ndi zaka zisanu, chikuku chitadutsa m'mudzi mwathu muno kwa Kalembo. Ine, wamkulu kwa iwo, ndi amene ndinkawagwira dzanja popita kusukulu. Anaphunzira kundiposa mpaka anakhala mphunzitsi ku Liwonde. Ntchito yawo yonse ankagwirira pa laputopu imene anaikamo pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa. Akadina batani, mawu a mwamuna ankatuluka m'makinamo kunena chimene adina. Koma anaichuna kuti izilankhula mothamanga, moti ife tinkangomva ngati chigayo chikulira patali. Iwo ankamva zonse, nthawi zina n'kumaseka okha. Sanakwatire. Ankati akudikira mkazi wolankhula pang'ono kuposa kompyuta yawoyo.

Chaka chatha anabwera atakwiya kuchokera ku maliro a mnzawo wosaona. Anati wowerenga mbiri ya malemu anangokhalira kunena kuti womwalirayo anali munthu wachisoni, pomwe anaphunzitsa ana moyo wake wonse. Anati yawo alemba okha, ndipo ine ndinawaseka. Koma sabata yatha kuchipatala, shuga itawafooketsa, anandigwira dzanja.

“Achemwali, mbiri yanga ili m'kompyuta. Ikakufunsani, muiuze dzina la amayi. Musalole kuti amalume alembe yawo.”

Ndinavomera msanga. Ndinkaganiza kuti n'zophweka ngati kutsegula chikwama.

M'bandakucha umenewo ndinalowa ku chipinda cha kuseri, ndinatulutsa laputopuyo n'kudina batani loyatsira. Galasi linangokhala bii, mng'alu utadutsa pakati. Ndipamene ndinakumbukira kuti linasweka kalekale mu minibasi, ndipo achimwene anakana kulikonzetsa. Ankati galasi ndi la ife oona, iwo alitani nalo. Mawu aja analankhula kamodzi mothamanga, n'kukhala chete. Ndinadikira kuti indifunse. Sindinamve funso lililonse. Ndinawerama n'kunena bwinobwino kuti Agata. Chete. Ndinanenanso mokweza, kenako ndinayesa a Nabanda, poganiza kuti mwina makinawo akufuna ulemu. Mayi wina amene analowa kudzatenga shuga anandipeza ndikuitana amayi anga, amene anamwalira zaka zambiri zapitazo, ndili chogwada pamaso pa chinthu chakuda. Anabwerera osatenga shugayo. Pasanathe nthawi, amayi a ku moto anayamba kundiyang'ana ndi diso la chifundo chapadera.

Kutacha, moto unali utayaka pa mafuwa asanu kuseri kwa nyumba. Adzukulu anali atanyamuka kale ndi makasu. Dzuwa la Okutobala linatuluka lolusa, moti pofika nthawi ya tiyi anthu ankalimbirana mthunzi. Anansi athu achisilamu anabwera atavala zikofia, nakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna a kumpingo. Kunabwera njinga zosawerengeka, galimoto ziwiri za ku Liwonde, ndi ana asukulu atavala yunifolomu. Ndinkalandira anthu, koma sindikukumbuka amene ndinawayankha bwino. Wina akati pepani, ine ndinkamva mawu a achimwene.

Pakati pa anthuwo panafika mayi wina pa kabaza, atafunda mpango, ndodo yoyera ili m'manja. Anati ndi a Asiyatu a ku Chikweo, ndipo ankaphunzitsa limodzi ndi achimwene. Ndinawagwira dzanja, ndinawakhazika pa mphasa pansi pa zenera la kuseri, ndinawapatsa kapu m'manja. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinkawalankhula mokweza ngati samva. Anati ngati pali chimene angathandize ndiwauze. Ndinati iyayi, ingopumulani, mwatopa ndi ulendo. Mumtima ndinati, koma mayi awa, angathandize chiyani pano.

Ndinaitanira ku chipinda cha kuseri msuweni wanga, amene pamudzi pano timati ndi katswiri wa mafoni. Anaitembenuza laputopuyo, anaiuzira fumbi, anaigogoda pang'ono. Anati popanda galasi palibe chimene munthu angaone, ndiponso makina olankhula okha chonchi ndiye kuti alowa vayirasi, afunika kuwaflasha. Ndinafunsa kuti kuflasha n'kutani. Atati n'kufufuta zonse, ndinamulanda ngati ndikulanda mpeni kwa mwana. Kenako anati tiilumikize ku wailesi ya kanema ya aneba athu a sola. Tinayenda mpaka kumeneko, ine nditaifunditsa chitenje, anthu akutiyang'ana. Chingwe sichinalowe. Tinayesa china, osalowanso. Pobwerera sindinkadziwanso ngati mbiriyo ilimodi, kapena achimwene ankangolankhula za matenda.

Amalume anandiitanira pambali. Iwo ndi mwini mbumba, ndipo si munthu woipa. Ndi amene ankakweza achimwene pa njinga kupita nawo ku msewu kukakwera basi nthawi yonse imene ankaphunzira kutali. Anatulutsa kope la mwana wasukulu n'kundiwerengera zimene analemba. Zinayamba kuti malemuyu, ngakhale Mulungu anamumana maso, abale sanamutaye. Ndinawauza za lonjezo lija.

“Esinati, adzukulu amaliza, ndipo dzuwa ili sitingasunge thupi,” anatero amalume. “Ngati ilipo, ibwere. Ngati palibe, ndiwerenga iyi.”

Kwaya inali itayamba kale. Akatekisiti anali atavala, akuyang'ana wotchi. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa khonde, laputopu ili pa miyendo, n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, koyamba tsiku limenelo. Ndinali wokwiya ndi achimwene. Munthu wanzeru zake, bwanji osangolembetsa pa pepala? Ndinadina mabatani mwaukali, ndipo chigayo chija chinalira.

“Ikufunsa mawu achinsinsi,” anatero munthu wina pafupi nane.

Anali a Asiyatu, ali pa mphasa pomwe ndinawasiya, kapu ili pambali. Ndinawafunsa kuti akuti chiyani.

“Ikuti mulembe mawu achinsinsi. Yanenanso kuti batire latsala pang'ono. Ndinaimva pa zenera apa muli ndi bambo uja wofuna kuiflasha.”

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene.

“Munati ndipumule,” anatero. Sanalankhule mwamwano, koma ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ine amene ndinakula ndikugwira dzanja la munthu wosaona, ndinazungulira mudzi wonse kufunafuna maso.

Ndinawaika laputopuyo pa miyendo. Zala zawo zinapeza malo zokha. Ndinawauza dzina la amayi, analemba, ndipo makinawo anayamba kulongolola osapuma. Iwo ankangogwedeza mutu ngati akumvetsera mnzawo wodziwana naye. Anatulutsa timahedifoni m'chikwama chawo, naika kamodzi m'khutu. Patapita kanthawi anati aipeza, koma nthawi yokopera pa pepala palibe, batire silingadikire. Anati iwo azimvera ku khutu n'kumanena pakamwa, ngati banja lingalole.

Ndinathamangira kwa amalume. Anakanda mutu nthawi yaitali. Mlendo, mayi, Msilamu, kuwerenga mbiri pa maliro a Chikatolika, izi sanazionepo. Anayang'ana akatekisiti, akatekisiti anayang'ana wotchi. Pamapeto pake amalume anapinda kope lawo n'kunena kuti mawu ndi a mwini wake, pakamwa pokha ndiye pobwereka.

Bokosi litatulutsidwa pabwalo, nthawi ya mbiri inakwana. A Asiyatu anaimirira, ine ndinaimirira pambali pawo nditanyamula laputopu m'manja ngati mbale ya chopereka, chingwe chikuchoka kwa ine kupita ku khutu lawo. Anthu anayamba kunong'onezana. Ena ankasuzumira kuti aone chimene akuwerenga, n'kungoona galasi lakuda. Koma atayamba, phokoso linatha, chifukwa kalankhulidwe kanali ka achimwene enieni.

Kudzera pakamwa pa a Asiyatu, achimwene ananena za kubadwa kwawo, za chikuku, za sukulu zimene anapitamo. Kenako anati pasapezeke munthu wonena kuti anali wachisoni, chifukwa chambo chimene anadya ku Liwonde chikuposa cha ambiri amene akhala pamenepa. Anthu anaseka, ena akupukuta misozi, ena akudabwa ngati kuseka n'kololedwa. Anatchula ana amene anawaphunzitsa kulemba pa kompyuta, nawauza kuti asasiye. Anathokoza amalume chifukwa cha njinga ija, nawonjezera kuti ankadziwa dzenje lililonse la mumsewu chifukwa amalume sankaphonya ngakhale limodzi. Amalume anaphimba nkhope ndi kope lawo, mapewa akugwedezeka.

Ine ndinkadikira dzina langa. Sindibisa, ndinkalidikira. Manja anali atatopa, thukuta likutsika, koma ndinkati tsopano lifika. A Asiyatu anaima. Anadina batani, namvetseranso. Anadinanso kachiwiri. Kenako ananena pang'onopang'ono.

“Za achemwali anga a Esinati ndilemba mawa, chifukwa n'zambiri.”

Anachotsa kahedifoni m'khutu n'kunena kuti yathera pomwepo.

Za ulendo wa kumanda ndikukumbuka zochepa. Mtanda unali patsogolo, amuna ankalandirana bokosi, fumbi linkakwera mpaka m'maso. Amayi awiri anandigwira m'mikono. Mitambo inasonkhana cha ku Machinga, anthu n'kumati mvula igwa, koma sinagwe. Ndinkayenda osadziwa ngati ndilire chifukwa ndakwaniritsa lonjezo, kapena ndikwiye chifukwa aliyense walandira zake kupatula ine. Ndinaika nkhata yanga pamene anandilozera. Nyimbo yomaliza ndinaiimba ndi pakamwa pokha.

Titabwerera, ndinapempha a Asiyatu kuti afufuze ngati achimwene analemba zina penapake. Tinapita kwa aneba a sola, tinaitchaja, iwo anafufuza mofatsa. Panalibe. Anati achimwene ankanditchula tsiku lililonse kuntchito, koma sanafune kundipekera mawu amene mwini wake sanalembe. Anandiphunzitsa kulemba dzina la amayi, ndi mabatani awiri oti ndizidina ndikafuna kuti iwerenge mzere womalizawo. Anafunsa ngati achepetse liwiro kuti ndizimva bwino. Ndinaganiza pang'ono, ndinati iyayi, aisiye mmene mwini wake anaisiyira. Ndinawaperekeza mpaka pa kabaza, ndipo ulendo uno ndinalankhula nawo ndi mawu wamba.

Madzulo anthu anabalalika. Moto unazima, mafuwa anatsala ali mbuu. Amayi ochepa otsala kudzagona nafe anali panja akutsuka mbale mwakachetechete. M'chipinda mmene munali bokosi munatsala mphasa yokha ndi fungo la makandulo. Ndinakhala pansi pomwepo, ndinayatsa laputopu, ndinalemba Agata ndi chala chimodzi monga anandiphunzitsira, n'kudina mabatani awiri aja. Chigayo chinalira m'nyumba ngati Loweruka lililonse achimwene akabwera kumudzi. Mwa mawu onse amene chinanena ndinagwira dzina langa lokha, ndipo ndinadinanso.