Ng'ombe Yomwe Sinadyedwe pa Chiliza cha Amayi

Ng'ombe yanga inatenga bere popanda nkhunzi, ndipo kwathu ku Bembeke zimenezi zinangotsala pang'ono kuiphetsa.

Kunabwera dokotala wa ziweto, atanyamula kachubu kowonda ngati udzu. Anati m'menemo muli mluza wa masiku asanu ndi awiri, wa ng'ombe yamkaka, wopangidwira mu labotale. Sanandinamize. Anati miluza ina yokulira m'mbale za mu labotale imaoneka bwino ndi maso, koma malangizo achibadwa omwe ali m'kati mwake sadzuka onse pa nthawi yake, ndiye bere limatha kuchoka. Anandiuza kuti ndisaiyandikitse kwa nkhunzi. Ndinamvera, ndipo atabweranso kudzaiyeza anati lagwira.

Patapita miyezi itatu tinamanga chiliza pa manda a amayi anga. Kwathu pa tsiku lovundukula chiliza anthu amadya nyama, ndipo wosankha chiweto ndi amalume. Iwowa samva za munthu wamkazi, makamaka amene anamuona akukwawa. Anaima pa khola m'mawa kukuzizira, naloza yangayo.

"Iyi ndi chumba. Chaka chonse nkhunzi sinaikwere, tonse tikudziwa."

"Ili ndi bere, amalume."

"La ndani? Mwana iwe, za m'botolozo ukauze anzako kusukulu."

Amuna onyamula nkhwangwa anaseka. Ine ndinali ndi ana atatu, sukulu ndinasiya kalekale. Mtima unandipsa. Ndinalowa m'khola, ndinamasula chingwe pa mtengo n'kuchimanga m'chiuno mwanga.

"Yambani ndi ine," ndinatero.

Azakhali anati ndalodzedwa. Mkulu wanga anandinong'oneza kuti ndikuchititsa manyazi mtundu wonse, kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndinamuyankha kuti agonere kwawoko. Pomaliza anapha mbuzi zanga ziwiri, anthu n'kumadandaula kuti nyama yachepa.

Sindinawakhulupirire, choncho sindinachoke m'kholamo. Ndinakhala pa ndowe tsiku lonse. Nyimbo za akwaya ndinkazimvera chapatali, ndipo ndinalira, chifukwa amayi ndinkawakonda kuposa onse amene anakhuta tsikulo.

Thole linabadwa mu Juni, lalikazi, lakuda ndi mawanga oyera. Ana anga amamwa mkaka, wina ndimagulitsa. Amalume sadya m'nyumba mwanga mpaka lero, ndipo akudikira kuti ndikapepese. Adikira nthawi yaitali. Koma nsalu ikuchotsedwa pa dzina la amayi ine panalibe, ndipo chiliza sichivundukulidwa kawiri.