Phazi la a Dunstan Linatsogola

Inu amene moyo wakukhalirani pakhosi, tamvani za Tayfun.

Tayfun anali katswiri wothamanga wa ku Turkey. Chivomezi cha mu 1999 chinagwetsa nyumba yake, n'kumuphera mkazi, iye n'kumusiya wosaona. Amalume ake, omwe ankagulitsa makapeti ku Nairobi, anamutengera kudera la South C mumzindamo. Kumeneko ankangobindikira m'chipinda, kudandaula kuti imfa inamulambalaliranji.

M'nyumba yoyandikana nayo munkakhala a Dunstan, Mmalawi wogwira ntchito ku bungwe la mpingo. Bambowa ankathamanga m'mawa uliwonse pofuna kuphwetsa mimba, koma mimbayo inali ya makani. Atamva za mnansi wawoyo, anakagogoda atanyamula chingwe cha nsapato. Anachimanga kudzanja lawo ndi la Tayfun, n'kumutulutsa panja kuti akathamange.

Sizinali zokoma kuona. Tayfun ankagwera m'maenje ndi m'ngalande, makondakitala a maminibasi n'kumawakuwiza. A Dunstan ataona magazi m'mawondo mwa mnzawo, anayamba kutsogolako pang'ono kuti dzenje liziyamba lakumana ndi iwo. Chinasanduka chizolowezi.

Patapita zaka, a zamasewera ku Turkey anati Tayfun akathamanga bwino pa mpikisano wovomerezeka amutenga m'timu ya dziko. Kwa iye, imeneyi inali njira yokhayo yobwererera kwawo ngati munthu, osati ngati katundu wa amalume.

Tsikulo linafika, ndipo Tayfun anathamanga ngati kale lake. Koma pa mzere womaliza, phazi la a Dunstan linatsogola. Lamulo limati woperekeza asadutse mzere mwini mpikisano asanadutse. Tayfun anamuchotsa mumpikisanowo. Zimapweteka, abale, chikondi chikakulanda chimene wachikhetsera thukuta.

A Dunstan, ndi manyazi, anasiya kugogoda. Tayfun anabwerera m'chipinda chake, mvula inagwa mpaka kutha ali momwemo.

M'mawa wina anatuluka yekha, akupapasa mpanda, n'kukafika pakhomo pa a Dunstan. Iwo anayamba kupepesa, nati amupezera woperekeza wachinyamata wodziwa malamulo a mpikisano.

"Achimwene, olakwa si inu nokha," anatero Tayfun. "Ndinazolowera kuti mdima muziyamba kuulowa ndinu. Kuyambira mawa muzikhala kumbuyo kwanga."

Zinali zowawa kwa onse awiri. A Dunstan ankaliona dzenje likubwera, dzanja likuwayabwa kuti akoke chingwe, koma ankangoti, "Dzenje, kumanzere." Nthawi zina mawuwo ankachedwa. Tayfun anagwa mpaka kuguluka dzino la kutsogolo, koma m'mawa mwake anabweranso.

Chaka chotsatira anapezanso mpikisano. Atayandikira mzere, a Dunstan anabweza liwiro, chingwe chinakungika, ndipo Tayfun anaponya phazi pamene sankaona, popanda wina kutsogolo kwake. Anadutsa woyamba, a Dunstan pambuyo pake.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Maso sanabwerere. Anathamangira dziko lake zaka zingapo, mendulo ya golide osaigwira. A Dunstan ntchito inatha, anabwerera ku Malawi mawondo atatheratu, ndipo awiriwa sanaonanenso. Koma Tayfun anatsika ndege kwawo atavala malaya a timu ya dziko, akumwetulira ndi gweru lake.

Okukondani angakuperekezeni kutali, koma pali mzere umene muyenera kuudutsa nokha, ngakhale kutsogolo kuli bii. Mukagwa, dzukani, mawa mubwerenso. Musataye mtima.