Mkono wa Bambo M'nyuzipepala

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 6, pamene nyuzipepala zinkafika kwathu m'mitolo ngati kabichi. Amayi ankagulitsa mchere ndi usipa pa msika wa Lizulu, ndipo ankagula mapepala akale kuti azikulungira malonda. Mapepalawo ankabwera osokonekera, tsamba la mwezi uno litagona pa la chaka chatha. Bambo analamula kuti pepala lililonse lisang'ambidwe ndisanawawerengere. Chingerezi sankachidziwa, ndiye masana ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo pakhonde n'kumawamasulira, zala zanga zili bii ndi inki. Mawu ondivuta ndinkangowalumpha, iwo n'kumagwedeza mutu osadziwa kanthu.

Bambo ndiwo ankatsogolera gule wa ngoma m'mudzi mwathu, ndipo nyimbo ankapeka okha. Zipani zambiri zinali zitangobwera, ndipo iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsopano ngakhale munthu wa kumudzi amveka. Tsiku lina pa msika panafika mkulu wina wa ndale, gulu la bambo n'kumuvinira. Mtolankhani wina anawajambula, nalemba dzina lawo, nalonjeza kuti nkhani yawo idzatuluka pa tsamba la zaluso.

Lonjezo limenelo ndi limene linagwira gulu lonse. Anyamata ovina anali atatopa ndi mbatata zosagulika ndipo mitima yawo inali ku Joni. Bambo ankawaletsa: “Dikirani pepala lituluke, ana inu. Adzatiitana kutauni.” Anyamatawo anadikira, chifukwa ankawalemekeza.

Pofunafuna nkhani yathuyo, bambo anakodwa ndi nkhani za eni. Kunali nkhondo m'dziko lina lakutali, limene dzina lake linkandipinda lilime. Ankandiuza kuti ndibwereze pamene pakunena za ana othawa, n'kumapukusa mutu ngati ndi ana a mlongo wawo. Amayi sankachedwa kuwatola. “Abambo a Esinati, denga lanu likudontha, koma mukulirira madenga a anthu osawadziwa!”

Kenako tinapeza tsamba la atsogoleri awiri akugwirana chanza. Nkhondo yatha, asainirana za mtendere. Sindinawaonepo bambo atakondwa chotero. Tsambalo analimata pakhoma ndi phala, ndipo sabata yomweyo anapeka nyimbo ya mtendere. Ndimakumbukirabe kuzizira kwa mwezi wa June, fumbi likukwera pabwalo, mangenjeza akulira m'miyendo ya anyamata, akuvinira anthu amene sadzamva n'komwe kuti kuli Ntcheu.

Patapita masabata angapo ndinavundukula tsamba lina. Mzinda wa m'dziko lomwe lija unali bwinja, mayi wina atakhala pa njerwa atanyamula nsapato ya mwana. Bambo anati, “Yakale imeneyo, pitiriza.” Koma maso anga anagwa pa timalemba ta pamwamba, pamene amalemba tsiku, malo amene sitinkawasamala konse. Ndinalowa m'nyumba kukayang'ana tsamba la pakhoma lija. La mtendere ndilo linali lakale.

“Ababa, mabombawa agwa pambuyo pa chanza chija,” ndinatero.

Anayang'ananso tsamba la bwinjalo. Kenako anafunsa motsitsa, osati kwenikweni kwa ine: “Ndiye timavinira mtendere woti unatha kale?” Nyimbo ija sanaiimbitsenso.

Chithunzi chathu chinapezeka mvula itayamba, pansi pa mtolo wonunkha chinyezi. Ndinakuwa, amayi n'kusiya lichero, anyamata awiri amene anali pafupi n'kuthamangira. Pakati pa chithunzicho panali mkulu wa ndale uja, akuseka, atanyamula chishango cha bambo chimene anabwereka kuti ajambulitse. Kumbuyo kunali miyendo ndi fumbi. Kumphepete kwenikweni kunkaoneka mkono umodzi wokweza chibonga, thupi lake litadulidwa. Tinauzindikira kuti ndi wa bambo chifukwa cha chipsera cha pachigongono.

“Werenga dzina,” anatero bambo.

Ndinayendetsa chala pa mizere ya pansi pake, n'kubwerezanso. Ankanena za nduna, za chitukuko, ndi kuti anthu a m'deralo anasangalatsa alendo ndi magule. Ndinafuna kunama, kuwonjezerapo dzina lawo monga ndinkalumphira mawu ovuta, koma anyamata aja anali kusuzumira paphewa panga, ndipo mmodzi anali wofika Fomu 2.

“Palibe, ababa.”

Bambo analiyang'ana pepalalo, naliwongola bwinobwino pa bondo, napatsira amayi. “Kulungirani usipa, amake Esinati. Mwina kumeneko ligwira ntchito.” Amayi, amene pakamwa pawo sipankasowa yankho, tsiku limenelo anangolandira ndi manja awiri.

Mbatata zisanakumbidwe, anyamata anali atapita. Gulu linatha popanda kukangana, linangophwa. Chishango chinapachikidwa kudenga la khitchini mpaka utsi unachidetsa, ndipo bambo sanandiitanenso pakhonde. Mapepala ankachoka mu mtolo n'kupita molunjika kumsika. Chimenechi chinandiwawa koposa dzina losowalo, chifukwa ndinali nditataya ntchito yokhayo imene inkandikhazika pafupi ndi iwo.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo nkhani zimandipeza tsiku lomwelo, pa foni. Ndimaonabe atsogoleri akugwirana chanza, ndipo mtima wanga sudumpha. Ndimayamba ndayang'ana tsiku, kenako ndimadikira tsamba lotsatira, chifukwa limabwera ndithu. Ndinkaganiza kuti chinatipusitsa ndi kusokonekera kwa mapepala, koma tsopano ndikuona kuti ngakhale akadabwera m'ndondomeko, nkhani ikadakhala yomweyo. Bambo anali ndi malo mu mtima mwawo a dziko lonse, koma dzikolo linalibe malo a dzina lawo. Anamwalira nyimbo zawo zili m'mutu, palibe anazilemba. Ndikaona chithunzi cha munthu wamkulu akuseka pakati pa ovina, nkhope yake sindiiyang'ana. Ndimafufuza kumphepete, kumene kuli mkono wa bambo wa winawake.