Nkhafi Zisanu ndi Ziwiri za ku Marka

Ku Marka kuli mkulu wina woolotsa anthu pa Shire, amene salola munthu kukhudza nkhafi zisanu ndi ziwiri zosomekedwa kudenga la nyumba yawo. Amazipukuta Loweruka lililonse, akutchula mudzi wa nkhafi iliyonse. Achinyamata akawaseka, amayankha kuti, "Azungu amapangana ndi inki, ife timapangana ndi mtengo."

Panganolo ndi la mu 1916, chaka chimene Apwitikizi anagwirizana ndi Angerezi polimbana ndi Ajeremani. Midzi isanu ndi iwiri ya asodzi, ya tsidya lino ndi tsidya lija, inasiya nkhafi kwa mkuluyu, kutanthauza kuti ng'oma ikalira m'mudzi umodzi, mabwato onse apite.

M'mawa wa pa 19 Epulo 1917, ng'oma inalira kwa Jasi, kutsidya. Asilikali a Apwitikizi ogwira anthu kuti akhale amtengatenga a kunkhondo anali pafupi. Msodzi wina wa ku Marka, Tomasi, anakana kupita. "Akulu, si omwewa anatidulira makoka chaka chatha? Awagwire!"

Mkuluyo anasolola nkhafi ya kwa Jasi, naipereka kwa iye. "Ithyole pano, mwanawe, anthu akuona. Ukatero tikhala pansi."

Tomasi anaitembenuza kawiri, kenako anathamanga nayo kudooko. Ine ndinali padookopo, ndipo ndinawerenga ndekha mabwato makumi anayi ndi limodzi. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu 206 anali ataoloka, ndipo asilikali anapeza nkhuku zokha.

Nkhafi ija inabwerera kudenga ili yonyowa. Lero mkuluyo amaipukuta pomaliza, ndipo amene amawagwirira mpando pokwera ndi mwamuna wa kwa Jasi amene anadula makoka.